Nsapato zong'ambika mbali imodzi: mnyamata wa skateboard amatha bwanji tsiku lake?

Funso lachokera kwa mayi wina wa kwathu yemwe akugwira ntchito ku Johannesburg: "Mwana wanga wamwamuna wa zaka 15 walowerera m'masewera a kathabwa ka mateyala kaja amati skateboard. Chaka chino chokha ndamugulira mapeyala atatu a nsapato, onse ang'ambika. Miyendo yake ndi zipsera zokhazokha. Akaweruka kusukulu sakhala pakhomo, akabwera maso ali pa foni kuonera anzake akudumpha masitepe. Anzanga a kutchalitchi akuti kuno ku Joni masewerawa ndi a anyamata osuta chamba. Kodi amakachita chiyani kumeneko maola onsewo? Ndimulande thabwalo?"

Mayi, thabwalo lisiyeni kaye pomwe lili. Katengeni nsapato zija, ngati simunazitaye, muziyale pansi. Ndikhoza kulosera ndili kuno zimene muone. Pa peyala iliyonse, ya phazi limodzi ndiyo yatheratu, inayo ikadaoneka bwino. Bowo lili chakunja, pambali pa chala chaching'ono, ndipo chingwe chinaduka pa timabowo ta mmunsi. Ngati ndalasa, ndiye kuti mwana wanu sakukunamizani za komwe amapita. Nsapato sing'ambika chonchi pansi pa mtengo pomwe anyamata angokhala n'kumapatsirana ndudu. Imang'ambika chonchi chifukwa cha chinthu chimodzi chobwerezedwa mpaka dzuwa kulowa.

Chinthucho amachitcha ollie. Ndiko kudumpha pamodzi ndi thabwa osaligwira ndi manja, pomwe palibenso lamba womangira phazi ku thabwalo. Oona koyamba amayesa pali guluu kapena maginito, koma palibe. Phazi lakumbuyo limamenyetsa mchira wa thabwa pansi mwamphamvu, mphuno ya thabwa n'kudzuka. Nthawi yomweyo munthu wadumpha kale, ndipo phazi lakutsogolo limagona chammbali n'kukwekwereza pamwamba pa thabwa kulowera kumphuno, kulikokera mmwamba ndi kuliwongola. Zonsezi zimatha sekondi isanakwane. Tsono pamwamba pa thabwapo pamamatidwa pepala lakuda lokhakhala, m'bale wake wa sandipepa wa akalipentala. Ganizirani nsapato ikupalidwa ndi sandipepa ka 100 kapena ka 200 madzulo amodzi. Mukaona kuti bowo lasunthira kutsogolo, cha kunsonga ya zala, dziwani kuti wayamba kulimbana ndi kickflip, pomwe thabwa limagubuduka mlengalenga lisanabwerere pansi pa mapazi. Yong'ambika ikakhala ya kumanzere, mwana wanu amatsogoza phazi lamanzere, ndipo eni masewerawa amati ameneyo ndi regular. Ikakhala ya kumanja amati goofy. Tamutchulirani mawu amenewa pa chakudya madzulo ano, muone mmene akutong'olereni maso.

Dzina loti ollie ndi la munthu. Alan Gelfand, mnyamata wa ku Florida yemwe anzake ankamutcha Ollie, ndiye anayamba kuuluka chonchi pa makoma opindika a simenti cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mu 1982 Rodney Mullen, wa ku Florida komweko, anaonetsa kuti zimathekanso pamalo athyathyathya, ndipo kickflip ya masiku ano ndi yakenso. Onse awiri ankachita zimenezi ali cha mu msinkhu wa mwana wanuyo.

Mwafunsa kuti amakachita chiyani maola onsewo. Ndikuyankhani mosabisa, monga munthu amene ndakwera thabwa zaka zoposa 20 ndipo tsopano ndimaphunzitsa ana Loweruka lililonse. Amakalephera. Gawo lalikulu la tsiku la munthu wa skateboard ndi kulephera chinthu chomwechomwecho, kutola thabwa, kubwerera pomwe anayambira, kulepheranso. Ngati munakulira kumudzi ngati ine, kumbukirani mmene munaphunzirira kusenza ndowa osaigwirira. Panalibe amene anakulemberani pa bolodi. Madzi anakukhuthukirani kumsana kangati khosi lisanadziwe lokha chochita? Thabwa nalo ndi choncho, kungoti limabweza: likaphonya limakumenya pa msongolo. Zipsera mukuzionazo zambiri ndi za mphepete mwa thabwa lake lomwe, osati za ndewu. Ine kickflip yanga yoyamba inanditengera miyezi 7, ndipo tsiku lomwe ndinaitera ndinalephera kugona. Kutacha inandithawanso kwa sabata yathunthu.

Musaganize kuti akatswiri anathana nako kulepheraku. Tony Hawk, yemwe ngakhale osadziwa masewerawa anamumvapo, anakhala zaka zoposa 10 akusaka kuzungulira kawiri ndi theka ali mlengalenga, komwe amakutcha 900. Anadzatera mu 1999 pa mpikisano wa X Games ku San Francisco ali ndi zaka 31, atagwa maulendo pafupifupi 10 usiku womwewo, nthawi ya mpikisano itatha kale, anzake opikisana naye ataima mmbali n'kumamuchemerera. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Pano mwambiwo mungoutenga mmene uliri, osaumasulira n'komwe.

Tsiku la mwana wanu limayamba ndi kuyang'ana kumwamba. Madzi ndi mdani wa thabwa. Thabwa lenilenilo ndi zigawo 7 zopyapyala za mtengo wa maple zomatidwa ndi guluu, ndipo zikanyowa zimafewa, thabwa n'kusiya kunjanja. Mabeyaring'i a m'kati mwa mateyala nawo amachita dzimbiri usiku umodzi. Ku Johannesburg kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya mabingu imakonda kugwa chakumadzulo, nthawi yomwe ana angoweruka kumene. N'chifukwa chake mumamuona akuponya chikwama n'kutuluka chothamanga osadya: akupikisana ndi mtambo. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pomwe inu mukudandaula chisanu, kwa iye ndi nyengo yokolola, poti pansi pamakhala pouma tsiku ndi tsiku.

Mukasanthula m'chikwama chake mwina mupeza sipanala yooneka ngati T, zingwe za nsapato zapadera, botolo la madzi ndi chidutswa cha kandulo. Kandulo ameneyo asakuopseni. Amapaka m'mphepete mwa benchi ya simenti kuti thabwa lizitsetsereka. Ena amayendanso ndi katsache, ndipo pano mukhoza kuseka, poti mnyamata amene pakhomo sagwira tsache mpaka mutakuwa katatu, kumeneko amasesa bwalo lonse mosatumidwa. Chifukwa chake ndi kamwala. Mateyala a skateboard ndi aang'ono, mamilimita 52 kapena 54, komanso olimba gwa. Kamwala kofanana ndi njere ya chimanga kamaimitsa teyala pomwepo, munthu n'kupitirira yekha chamutu. Aliyense amene wakwera thabwa mwezi umodzi amalidziwa phokoso lake, kulira kwakuthwa kwa teyala lokwekwereza mwala, kenako manja pansi.

Ichi chimasintha ngakhale kayendedwe ka munthu m'tauni. Inu mukamadutsa pa banki mumaona banki. Iye amaona masitepe asanu, amayeza ndi maso ngati pali mpata wothamangira, amayang'ana ngati pansi pake pali mng'alu, amakhudza chitsulo chogwirira kuti amve ngati n'choterera. Mkazi wanga anatopa nane kalekale. Timati tikupita kukagula ndiwo, ine ndatsalira kumbuyo ndikupalasa simenti ndi phazi ngati nkhuku.

Akafika pamalo pomwe amasonkhana, kaya ndi bwalo lomangidwira masewerawa kaya pabwalo la m'tauni ngati la Library Gardens pakati pa Johannesburg, palibe kochi, palibe wezulo, palibe yunifolomu. Koma malamulo alipo, osalembedwa. Amadikirana mmodzimmodzi, ndipo wodula mnzake njira amadzudzulidwa ndi gulu lonse. Wina akagwa moipa onse amaima. Wina akatera chomwe wakhala akuchisaka, anzake amagogoda matabwa awo pansi, ndiko kuwomba m'manja kwawo. Chimene chimandisangalatsa mpaka lero n'chakuti kugogodako sikuyendera kukula kwa luso. Kamwana ka zaka 9 kakadumpha njerwa imodzi koyamba, kamalandira phokoso lofanana ndi la mkulu wodumpha masitepe 10, chifukwa onse akudziwa kuti njerwa imodziyo yadya masabata angati. Akatopa amasewera S.K.A.T.E.: wina achita luso lake, mnzake abwereze, akalephera alandira chilembo chimodzi, wodzaza zilembo zisanu watuluka. Kenako akhala pansi, agawana buledi ndi chakumwa cha botolo limodzi, n'kumakangana za kukula kwa thabwa, kuti kaya mainchesi 8 kaya 8.25, ngati abambo a pa bawo okangana za mpira.

Pamalo pamenepo amakumana anthu omwe kwina kulikonse sangakhale pa benchi imodzi: mwana wa ku Soweto, mwana wa ku Sandton, wa ku Congo, wa ku Zimbabwe, mtsikana wa sukulu, bambo wa zaka 40 wochokera ku ofesi. Kwa mwana wa mlendo, yemwe kusukulu mwina amasekedwa kalankhulidwe, malo oti funso loyamba si "ndiwe wa kuti" ndi osowa. Sindikudziwa mwana wanu, koma ana ambiri obwera omwe ndawaphunzitsa chinawakokera n'chimenechi, thabwa linabwera pambuyo.

Za foni zija. Akamaonera kanema wa masekondi 6 maulendo 30, akumuchedwetsa, akuyang'ana pomwe chala cha phazi chaikidwa ndi komwe phewa laloza. Ndi buku lake limenelo. Kujambula ndi theka la masewerawa kuyambira kale. Magazini ya Thrasher inayamba mu 1981 ku San Francisco, ndipo kunja kwa mipikisano, mbiri ya munthu imamangidwa ndi kanema wa mphindi zitatu kapena zinayi yemwe amatha chaka kapena kuposa akumusonkhanitsa. Pagulu lililonse pamakhala mmodzi wogwira kamera, woyenda chowerama kumbuyo kwa mnzake naye ali pa thabwa. Izi sizikutanthauza kuti azigona ndi foni mpaka 1 koloko usiku. Pamenepo lamulo lanu la pakhomo ligwire ntchito monga mwa masiku onse.

Tsono mbiri yoipa ija inachokera kuti? Anzanu a kutchalitchi sanangoipeka. Masewerawa anabadwira ku California m'zaka za m'ma 1950, pakati pa anyamata okwera mafunde a panyanja omwe ankafuna chochita nyanja ikakhala bata. Mateyala oyamba anali achitsulo, kenako a dongo louma, oterera komanso oopsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Frank Nasworthy anabweretsa mateyala a urethane ogwira pansi bwino. Kenako mu 1976 ndi 1977 ku California kunagwa chilala, eni nyumba ambiri n'kusiya maiwe awo osambiramo opanda madzi. Anyamata a ku Venice ndi Santa Monica, monga Tony Alva ndi Jay Adams, ankalumpha mipanda ya eni ake n'kukakwera makoma opindika a maiwewo mpaka apolisi atafika. Kuyambira pamenepo masewerawa anakula ndi chizolowezi chogwiritsa ntchito malo omwe sanamangidwire iwo, ndipo eni malo akhala akuthamangitsana nawo mpaka lero. Timfundo tachitsulo tomwe mumationa tokhomedwa m'mphepete mwa mabenchi a m'tauni si tokongoletsa, ndi totchinga thabwa.

Koma chizolowezi chomwecho chili ndi nkhope ina. Mu 1990 anyamata a ku Portland anayamba kuthira simenti pansi pa mlatho wa Burnside popanda chilolezo, pamalo pomwe panali zinyalala, ndipo mzindawo unadzavomereza bwalolo, lilipo mpaka pano. Ku London, pansi pa nyumba za Southbank pomwe anthu akhala akusewerapo kuyambira m'ma 1970, mu 2013 panabwera ganizo loikapo mashopu ndi malo odyera. Achinyamata anasonkhanitsa masaini, anaphunzira malamulo a za malo, ndipo mu 2014 anapambana. Ku Kitintale mu mzinda wa Kampala, Jackson Mubiru ndi anzake anaumba bwalo lawo ndi njerwa ndi simenti. Ku Mongu, kumadzulo kwa Zambia, kuli bwalo lotchedwa Lukaba Hande lomwe achinyamata a konko anamanga pamodzi ndi anthu odzipereka ochokera kunja. Anthu ongofuna posutira sakandira simenti dzuwa lili pamutu.

Komabe pa chamba sindikunamizani. Pamalo ena osewerera chimasutidwa, makamaka ndi akuluakulu okhala mmbali. Ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kusuta kwa yekha pamalo obisika, ndiye fungolo mwana wanu walimva kale, kaya ku bwalo kaya pa siteji ya taxi. Chigamulocho sichikhudza mwana wa zaka 15. Ine chizindikiro chomwe ndimayang'ana ndi ichi: mwana amene wayamba kulowerera amasiya kung'amba nsapato. Amanyamulabe thabwa, amachokabe pakhomo, koma amabwera wopanda thukuta, malaya oyera, pepala lokhakhala lija likadali lakuda bii ngati latsopano. Tsiku lomwe nsapato zidzayambe kukhalitsa miyezi isanu koma iye akuchedwabe kubwera, tsiku limenelo mudzamukhazike pansi. Ndipo mosadikira tsikulo, anzake awiri kapena atatu omwe amayenda nawo muwadziwe mayina, muwaitane adzadye nsima Lamlungu.

Chomwe ndikanakonda mumuuze mwamphamvu ndi nkhani ya alonda. Kuthamangitsidwa ndi gawo la moyo umenewu, ndipo anzake ena amakonda kubwezera mawu, ena kujambula mkanganowo kuti akaseke pa intaneti. Mwana wa mlendo alibe mwayi umenewo. Ndili wamng'onopo ndinatsutsana ndi mlonda wina pa bwalo la maofesi, ndikudzimva kuti ndikudziwa ufulu wanga. Nkhani inachoka pa thabwa n'kufika pa mapepala, ndipo ndinakhala maola atatu m'kachipinda kudikira achimwene abwere ndi pasipoti. Anzanga eni dziko anali atafika kale kwawo. Mlonda akati chokani, atole thabwa, anene zikomo, achoke. Simenti ndi yambiri mu Johannesburg.

Tibwere ku thupi, pomwe ine mantha anga enieni ali. Kusupuka, misongolo yotupa ndi zikhatho zong'ambika, zimenezo zitayeni, zimapola. Kubinya kakolo ndiko kuvulala kofala kwambiri. Apumitse mwendo, auike pamwamba, aikepo madzi oundana okulungidwa m'nsalu. Koma ngati sangathe kuponda n'kuyenda mapazi anayi, kapena ululu uli pa fupa lenilenilo, apite kuchipatala, chifukwa pa zaka 15 nsonga za mafupa zikadakula ndipo chooneka ngati kubinya chikhoza kukhala kuthyoka. Chachiwiri ndi dzanja. Munthu akamagwa amatsogoza chikhatho, ndipo patsinde pa chala chachikulu pali kafupa kotchedwa scaphoid komwe kamathyoka mwakachetechete, nthawi zina osaoneka pa X-ray yoyamba. Ululu wa pamenepo ukapitirira masiku angapo, abwererenso kwa dokotala ngakhale anauzidwa kuti palibe kanthu, poti kafupako kakanyalanyazidwa kamavuta kulumikizana.

Zopha ndi ziwiri: mutu ndi galimoto. Akamenyetsa mutu n'kuyamba kusanza, kusokonezeka, kuodzera modabwitsa kapena mutu kumangowawirawawira, musadikire kuti kuche. Ngakhale zizindikirozi palibe, asakwerenso thabwa tsiku limenelo. Helemeti adzaikana, adzati anzake savala ndipo amuseka. Muuzeni kuti pa mipikisano ya Olympics aliyense wosakwana zaka 18 saloledwa kupikisana mutu uli pamtunda. Ine kwa ana anga a Loweruka sindinyengerera: pa makoma opindika ndi pa chitunda chilichonse, wopanda helemeti akhale pansi aonerere. Ndipo ziwiri izi zikhale zoletsedwa kotheratu: kutsetsereka pa msewu wa chitunda momwe mukudutsa magalimoto, ndi kugwirira kumbuyo kwa galimoto kuti imukoke. Skateboard ilibe mabuleki. Kuima ndi luso lomwe munthu amachita kuphunzira, kukwekwereza phazi pansi kapena kupingasa thabwa, ndipo liwiro likapitirira thabwa limayamba kunjenjemera lokha. Woyendetsa taxi wa ku Joni inu mukumudziwa bwino kuposa ine.

Za ndalama, poti ndi inu mukutuluka thukuta. Choyamba lekani kumugulira nsapato zansalu, zimatha pa sabata ziwiri. Funani za chikopa chofewa chija amati suede, za pansi pathyathyathya, ngakhale za kaunjika. Zikadali zatsopano apake guluu wa nsapato pamalo pomwe pamang'ambikapo, bowo likayamba amate kachikopa mkati. Wosoka nsapato wa pa kona akhoza kuika chigamba pa mtengo wochepa, ndipo pakati pa anzake nsapato ya zigamba si yochititsa manyazi, ndi ulemu. Akhale ndi peyala ya thabwa yokha, ya kusukulu ndi ya kutchalitchi zisayandikire sandipepa uja. Pa thabwalo, chimene chimatha msanga ndi gawo lamtengo lopondapo lija: kwa wosewera tsiku ndi tsiku, mwezi umodzi kapena iwiri mchira umakhala utaperepeseka ngati mpeni, kapena lathyoka pakati. Zitsulo ziwiri zogwira mateyala, zomwe amati trucks, zimakhala zaka. Ndiye akati thabwa latha, sakupempha zonse, akupempha gawo lopondapo lokha. Mabeyaring'i ndi 8, awiri pa teyala lililonse, ndipo ndi a saizi wamba yotchedwa 608 yomwe imapezeka ngakhale m'mashopu a zipangizo za makina. Akawatsuka n'kudonthezera mafuta a makina osokera amakhala nthawi yaitali. Chimodzi chokha musachite pofuna kupulumutsa ndalama: kumugulira thabwa la zidole la m'sitolo zazikulu, la zitsulo zapulasitiki ndi mateyala osazungulira. Limenelo ndilo limagwetsa ana. Kuli bwino thabwa lenileni logwiritsidwapo kale ntchito, ndipo pa bwalo lililonse akuluakulu amasiyira ana matabwa awo akale, ndi mwambo wa masewerawa.

Ndingakulangizeni kuti mtengo wa thabwa lotsatira aziupezako yekha theka, kaya potsuka magalimoto a aneba kaya posunga ya thiransipoti. Amene wagula yekha thabwa saliponya pansi chifukwa cha mkwiyo, khalidwe lomwe ena amalitengera m'makanema ndipo ine limandinyansa.

Mwina mumtima mukufunsanso ngati zimenezi zili ndi tsogolo. Masewerawa analowa mu Olympics pa mpikisano wa ku Tokyo womwe unachitika mu 2021. Yuto Horigome wa ku Japan anatenga golide kumeneko n'kudzamutenganso ku Paris mu 2024. Kwa atsikana, Momiji Nishiya anapambana ali ndi zaka 13, wachiwiri wake Rayssa Leal wa ku Brazil nayenso wa zaka 13. South Africa inatumiza Boipelo Awuah wa ku Kimberley ali ndi zaka 15, msinkhu wa mwana wanu. Anavulala pokonzekera, sanapikisane, koma anadzabwerera ku Paris. Inatumizanso Dallas Oberholzer, wa zaka 46 ku Tokyo ndi 49 ku Paris, yemwe anayambitsa Indigo Skate Camp kumidzi ya KwaZulu-Natal. Mayina amenewa ndi okoma kuwatchula, koma musamangepo nyumba. Odya za thabwa lokha ndi ochepa zedi, kuchepa kuposa a mpira, ndipo bondo limodzi likhoza kutseka nkhani yonse. Mwa anzanga omwe tinayamba limodzi palibe ndi mmodzi yemwe amene amalipidwa chifukwa chodumpha. Koma uja ankagwira kamera lero amajambula maukwati ndi zotsatsa malonda, uja ankatikhomera timilatho tamatabwa ndi kalipentala, ndipo wina amathira simenti yosalala kuposa aliyense amene ndikumudziwa. Sukulu ikhale patsogolo, ndipo thabwa likhoza kukuthandizani pamenepo m'malo molimbana nanu. Bungwe la Skateistan, lomwe Oliver Percovich wa ku Australia analiyambitsa ku Kabul mu 2007, linatsegula sukulu yake ku Johannesburg mu 2016, ndipo njira yake ndi yomweyo yophatikiza thabwa ndi maphunziro a m'kalasi. Pakhomo panu ikhoza kukhala yachidule: homuweki ithe, mbale zitsukidwe, afike pakhomo magetsi a mumsewu asanayake. Akaphwanya, thabwa ligone kuchipinda kwanu masiku awiri, osati mpaka kalekale. Mukalanda kotheratu adzabwereka la mnzake, adzasewera komwe inu simukukudziwa, wopanda helemeti, ndipo akadzavulala adzakubisirani.

Loweruka lina mukapuma ku ntchito, muuzeni akutengeni. Adzachita manyazi, adzati mukhale patali, ndipo khalanidi patali, pa benchi yomwe palibe phula la kandulo kuopa chitenje chanu. Musamuitane dzina ali pa liwiro, ndipo akagwa musathamange pokhapokha mutaona kuti anzake aima. Sankhani chinthu chimodzi chomwe akuyesa, muwerenge chamumtima kuti wachiyesa kangati. Mukamva matabwa akugogoda pansi, kwezani maso muone amene akumugogodera. Pobwerera mudutse kwa wosoka nsapato ndi mapeyala atatu aja, awiri mwa iwo akhoza kupulumuka.